Malipiro amatha pa 10, ngongole mbali zonse: kodi ndidzakhala ndi changa?

"Zikomo akuluakulu. Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe ndipo ndikugwira ntchito pa kampani ina ku Kanengo. Akadula msonkho ndi penshoni ndimalandira K420,000, koma pofika pa 10 m'thumba mumakhala mulibe kanthu. Ndili ndi ngongole ya K150,000 kwa wakatapila. Mwezi uliwonse amatenga K75,000 koma ngongoleyo ili pomwepo, ndipo khadi langa la ATM akusunga ndi iyeyo. Ku banki m'khonde ndinatenga K200,000 kudzera mwa mlamu wanga, ndimaperekako K40,000 ya chiwongoladzanja pamwezi. Pafoni ndimakongolanso. Sindibisa, ndimabetcha mpira ndi kandege poganiza kuti tsiku lina ndidzaphula n'kubweza zonse. Kumudzi ku Ntchisi amayi ndi azichemwali anga awiri amayang'ana ine. Mnzanga amene tinayamba naye ntchito wagula puloti ku Njewa. Kodi nditenge ngongole yaikulu kubanki ndigule puloti nanenso, kapena ndiyambe bizinezi? Kapena kwa ine zinatha?"

Achimwene, sizinathe, ndipo sindikunena izi pofuna kukusangalatsani. Ntchito yanga yakhala yowunika mafomu a anthu ofuna ngongole, kubanki komanso mu SACCO (bungwe limene mamembala ake amasunga ndi kubwereketsana ndalama), ndipo ndaonapo aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi amene ngongole zawo zinkaposa malipiro a chaka chathunthu. Zanu zonse tikaziphatikiza zikungofanana ndi malipiro a mwezi umodzi. Muli ndi zaka 26, ntchito yokhazikika ndi penshoni imene ikukula mwezi ndi mwezi. Chimene chakupanikizani ndi mtengo wa ngongole zimene munatenga, ndipo mtengowo ndi woopsa.

Tiyeni tiwerenge limodzi. K75,000 ya wakatapila ndi K40,000 ya banki m'khonde zikupanga K115,000 pamwezi. Pachaka imeneyo ndi K1,380,000, kuposa malipiro anu a miyezi itatu. Ndiye kuti kuyambira Januwale mpaka kulowa mu Epulo mumadzuka m'mamawa, kukwera minibasi kupita ku Kanengo, kugwirira ntchito anthu ena, ndipo pamapeto pake K350,000 imene munakongola ikadali yonse. Wakatapila akukulipiritsani 50 pa 100 pamwezi. Mukadzalephera kupereka miyezi itatu yotsatizana, K150,000 ija imakhala K225,000, kenako K337,500, kenako K506,250. Palibe puloti, masheya (magawo a umwini wa kampani) kapena bizinezi yovomerezeka m'dziko muno imene imabereka mofulumira chonchi. Choncho pa funso lanu loti puloti kapena bizinezi, yankho langa la lero ndi lakuti zonse ziwiri zidikire. Kwacha iliyonse imene mungaipeze panopa malo ake opindulitsa kwambiri ndi kuchotsa ngongole ya wakatapila, chifukwa mukamubwezera K150,000 yake mwadzikwezera malipiro ndi K75,000 pamwezi popanda kupempha bwana.

Poyambira pake ndi pepala ndi cholembera. Tengani sitetimenti ya kubanki ndi ya Airtel Money kapena Mpamba ya miyezi itatu yapitayi, khalani pansi Loweruka m'mawa, ndipo lembani ndalama iliyonse komwe inapita. Anthu ambiri amene ndawakhazika pansi chonchi amadabwa pa zinthu zomwezomwezo: mabandulo a intaneti ogula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndalama zodulidwa potapa kwa ejenti kangapo pamlungu, kabaza pamtunda woyendeka, mowa wa Lachisanu malipiro atangolowa, ndi kubetcha. Pa kubetchako phatikizani zimene munaikamo, osati zimene mumakumbukira kuti munawina. Munthu amakumbukira bwino tsiku limene anaphula K60,000, koma ma K2,000 ndi ma K5,000 amene anapita usiku uliwonse sawawerenga.

Za kubetcha ndinene mosapita m'mbali. Masewerawa anakonzedwa kuti kampani izitsala ndi phindu anthu onse akaphatikizidwa, ndipo amene amabetcha pofuna kubweza ngongole ndiye amaluza kwambiri, chifukwa akaluza amawonjezera kuti abweze zotayika. Kandege n'koipitsitsa popeza kamatha m'masekondi ochepa n'kuyambanso, usiku onse. Kuchepetsa sikuthandiza kwa munthu amene wafika pomwe mwafikapa. Chotsani ma app onse, tulukani m'magulu a WhatsApp opatsana matimu, ndipo musamasiye ndalama zambiri mufoni usiku.

Tsopano K150,000 ya wakatapila muipeza kuti? Njira yoyamba ndi kugulitsa. Yang'anani m'nyumba: sipika, TV, foni yachiwiri, nsapato zodula. Zimapweteka komanso anzanu adzafunsa, koma katundu ameneyu mudzagulanso ndi ndalama zimene mukupereka kwa wakatapila m'miyezi iwiri yokha. Njira yachiwiri ndi kupita kwa iye ndi munthu wamkulu ngati mboni, kumuwerengera zimene mwamupatsa kale, n'kupempha kuti chiwongoladzanja chiime ndipo mubweze mutu wa ngongole m'magawo awiri kapena atatu. Ambiri amakana poyamba koma amavomera akaona kuti mwabwera ndi ndalama m'manja ndiponso ndi mboni. Zimene mwagwirizana zilembedwe, asaine, ndipo khadi libwere. Tsiku lomwelo sinthani nambala yachinsinsi.

Njira yachitatu ndi yomwe mwaitchula ija, ngongole ya kubanki, koma ya cholinga china. M'zaka zapitazi chiwongoladzanja cha mabanki chakhala pamwamba pa 25 pa 100 pachaka, ndipo ngongole ya munthu payekha imadula kuposa pamenepo. Ngakhale titati 40 pa 100 pachaka, pa K350,000 ndi pafupifupi K140,000 chaka chonse, pomwe panopa mukupereka K1,380,000. Kusiyana kwake n'kwakukulu moti ndimalimbikitsa njira imeneyi, koma ndi mantha, chifukwa ndaona mmene imathera kwa ambiri. Munthu amapita kukatenga K350,000, wa kubanki n'kumuuza kuti malipiro ake akulola K1,500,000, iye n'kutenga yonse. Amabweza wakatapila, yotsalayo amagula sofa ndi kusangalatsa anzake, ndipo ikatha miyezi inayi ali kwa wakatapila yemwe uja, pamene banki ikudula malipiro asanawaone n'komwe. Ngati mutenga, tengani ndalama yokwanira ngongole ziwirizo basi, ya miyezi 12 kapena kucheperapo, ndipo mukabweze tsiku lomwe yalowa. Musanasaine funsani funso limodzi: zonse pamodzi, ndi zolipira poyamba komanso inshulansi, ndidzabweza ndalama zingati? Akupatseni nambala imodzi yolembedwa. Samalaninso ndi makampani obwereketsa odula pa malipiro amene amatchula chiwongoladzanja cha pamwezi kuti chioneke chochepa. 6 pa 100 pamwezi ndi 72 pa 100 pachaka.

Ya banki m'khonde ibwere yachiwiri, ndipo musaichedwetse kufika nthawi yogawana mu Disembala. Dzina limene lili m'buku la gulu ndi la mlamu wanu. Mukalephera, amayi a m'gulu adzapita kukanyamula ziwiya kwa iyeyo, ndipo ubale umenewo sudzabwereranso mwakale. Ngongole za pafoni nazo zimaoneka zazing'ono koma zimadula kwambiri mukawerengera masiku ochepa amene mumakhala nazo, komanso mbiri ya kubweza mochedwa imatha kukafika ku mabungwe osunga mbiri ya okongola monga Credit Data ndi TransUnion, komwe mabanki amayang'ana asanakubwerekeni.

Nkhani ya kumudzi ndi imene achinyamata ambiri amaopa kuigwira. Sindingakuuzeni kuti musiye kuthandiza amayi anu, ndipo aliyense wokuuzani zimenezo sadziwa mmene timakhalira. Vuto ndi thandizo lopanda malire, loti foni ikalira mumathamangira kukakongola. Ikani ndalama yodziwika, tinene K40,000, yotumizidwa tsiku lodziwika mwezi uliwonse kwa munthu mmodzi, amayi. Awuzeni mwaulemu kuti muli pa ntchito yobweza ngongole ndipo kwa miyezi ingapo simungapitirire pamenepo. Mwa zimene ndaona, amayi amamvetsa msanga nkhani zotere. Amene amadandaula kawirikawiri ndi amalume ndi asuweni omwe sanali pa mndandanda n'komwe. Kumbukiraninso kuti zambiri zimene timazitcha zadzidzidzi zimadziwika tsiku lake. Fizi imafunika mu Seputembala, Januwale ndi Epulo. Feteleza amafunika mvula isanagwe, ndipo njala imaluma mu Januwale ndi Febuluwale. Mukamapatula kangachepe mwezi uliwonse ka zimenezi, Novembala sadzakupezani pakhomo pa wakatapila.

Ngongole zikatha, K115,000 ija musaizolowere. Thupi linazolowera kale kukhala popanda iyo, ndiye pitirizani kuichotsa tsiku la malipiro, koma tsopano izipita kwa inu. Auzeni a banki kuti aziisamutsa okha tsiku limene malipiro alowa, kupita ku akaunti ina yopanda khadi ndiponso yosalumikizidwa ndi foni. Yoyamba kuimanga ndi ndalama ya padzidzidzi, ya matenda, maliro kapena kutha kwa ntchito. Yambani ndi yokwana zofunika za mwezi umodzi, kenako miyezi itatu. Anthu amabwerera ku katapila chifukwa chosowa ndalama imeneyi, osati chifukwa chokonda ngongole.

Koma musapitirire kuunjika makwacha ambiri mu akaunti wamba, ndipo apa ndi pomwe malangizo a m'mabuku akunja amasocheretsa Amalawi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 pa 100, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 pachaka. Pa liwiro limeneli, K100,000 yosungidwa pansi pa matiresi chaka chamawa imagula zimene K77,000 ikugula lero. Akaunti yosungira wamba imapereka chiwongoladzanja chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera kwa mitengoku, choncho mwini wake amaona nambala ikukwera pang'ono pamene ndalamayo ikufooka. Ndalama ya nthawi yaitali iyenera kukhala pamalo pomwe ikuthamanga mofanana ndi mitengo kapena kuiposa.

Malo oyamba otere muli nawo kale. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 pa 100 ya malipiro anu ndipo inu 5 pa 100. Ngati malipiro owerengera penshoni ali K500,000, ndiye kuti K75,000 ikulowa m'dzina lanu mwezi uliwonse, ndipo imaikidwa m'masheya, nyumba ndi ngongole za boma. Pemphani sitetimenti kwa amene amayendetsa thumba lanu la penshoni muone ngati ndalamazo zikufikadi, chifukwa alipo olemba ntchito amene amadula pa malipiro koma osatumiza, ndipo Reserve Bank yakhala ikudandaula za khalidweli. Mukadzasintha ntchito, samutsani penshoniyo m'malo moithamangira kuti muidye. Ndalama yoikidwa muli ndi zaka 26 ili ndi zaka zoposa makumi atatu zoti ibereke, ndipo ndi imene imadzakhala yaikulu kuposa yoikidwa muli ndi zaka 50.

Kenako ganizirani SACCO, makamaka ngati kuntchito kwanu ilipo yodula pa malipiro. Ubwino wake ndi woti ndalama imachoka musanaigwire, mumalandira gawo la phindu pakutha pa chaka, ndipo mukasunga kwa miyezi ingapo mumatha kukongola kangapo kuposa zimene mwasunga pa chiwongoladzanja chopiririka. Funsani ngati ili ndi chilolezo cha Registrar of Financial Institutions (woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank), ngati ili pansi pa MUSCCO (mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno), komanso ngati imachititsa msonkhano wa pachaka ndi kuonetsa mabuku owunikidwa. SACCO imene atsogoleri ake amakwiya mukafunsa za mabuku, isiyeni.

Pa ndalama yoti mudzaifune pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, monga yosonkhanitsira puloti, pali ma Treasury bill, omwe ndi kubwereketsa boma kwa masiku 91, 182 kapena 364 kudzera ku banki yanu, ndipo pali ma unit trust a makampani ngati Old Mutual, komwe ndalama za anthu ambiri zimaphatikizidwa n'kuyendetsedwa ndi akatswiri. Izi zimapereka zochuluka kuposa akaunti wamba, ngakhale kuti pa chiwongoladzanjacho boma limadulapo msonkho ndipo zaka zina sizifika pa liwiro la mitengo. Funsani ndalama yoyambira, zolipira zawo, ndi masiku amene zimatenga kuti mutulutse ndalama mukaifuna.

Pa ndalama yoti simuigwira kwa zaka zisanu kapena khumi, pali msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Achinyamata ambiri amaganiza kuti ndi wa mabwana, koma chofunika ndi chiphaso cha unzika, akaunti ya kubanki ndi kulembetsa kwa broker wovomerezeka, yemwe ndi wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya. Kumeneko kuli makampani amene mumawapatsa ndalama tsiku ndi tsiku: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, NICO, Airtel, TNM, Illovo, Press Corporation, Sunbird ndi ena. Mukagula sheya mumakhala mwini wa kagawo ka kampaniyo, ndipo ikapindula mumalandira gawo lanu. Mu 2020 Airtel Malawi inagulitsa masheya ake koyamba pa K12.69 imodzi, FDH Bank pa K10, ndipo m'zaka zotsatira mitengoyi inakwera kangapo. Koma ndikuchenjezeni, chifukwa nkhani zotere ndi zimene zimakopa anthu pa nthawi yolakwika. Masheya amatsikanso, ena amakhala zaka osasuntha, ndipo msika wathu ndi waung'ono moti nthawi zina mumafuna kugulitsa koma wogula osapezeka msanga. Musagule ndi ndalama yangongole, musaike zonse mu kampani imodzi kapena m'mabanki okhaokha, ndipo gulani pang'onopang'ono miyezi yonse m'malo mothira zonse tsiku limene aliyense akukamba za kukwera. Phindu limene alipira, guliraninso masheya ena.

Pa kuchuluka kwa zosunga, ganizani za gawo la malipiro osati nambala yokhazikika. K50,000 ya lero idzakhala yochepa pakatha zaka zisanu. Mukati 15 pa 100 ya chilichonse cholowa, zosunga zimakwera zokha malipiro akakwera.

Tibwere ku puloti, poti ndi imene yakusowetsani tulo. Malo ndi chuma chenicheni, ndipo m'mbali mwa Lilongwe mitengo yake yakhala ikukwera. Koma puloti yopanda kanthu sikupatsani ndalama pamwezi, pamene ngongole yogulira imafuna ndalama mwezi uliwonse. Simudziwanso kuti mnzanu uja anagula bwanji. Mwina anasunga, mwina anathandizidwa ndi makolo, mwina nayenso sagona. Nthawi yanu ikadzakwana, gulani ndi ndalama yosunga kapena ngongole yaing'ono ya ku SACCO, ndipo konzekerani kufufuza kuposa mmene mumaganizira. Milandu ya puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu ndi yosawerengeka. Musapereke ndalama kwa dobadoba. Kumanani ndi mwini wake, onani chiphaso chake, ndipo ngati ndi malo a makolo funsani ngati abale ake onse avomereza, chifukwa amene amadzabwera ndi chikwanje mutayamba kuumba njerwa amakhala m'bale amene sanafunsidwe. Pitani nokha kwa amfumu, chezani ndi oyandikana nawo popanda wogulitsayo, ndipo kafufuzeni ku unduna wa za malo kapena ku khonsolo ngati malowo sali pa msewu wokonzedwa, pansi pa mawaya a magetsi kapena m'dzina la munthu wina. Kaoneni malowo mu Febuluwale mvula ili pakati, chifukwa dambo limaoneka bwino mu Okutobala. Lipirani kudzera kubanki pamaso pa mboni, ndipo ndalama yolipira loya woona mapepala musaione ngati yotayika.

Za bizinezi ndinena mwachidule. Yambani ndi ndalama imene mungapirire itatayika, pa chinthu chimene mukuchidziwa ndipo mungachiyang'anire nokha. Njinga yamoto ya kabaza yogula pa ngongole n'kupatsa msuweni ndiyo bizinezi imene ndaiona ikulephera kuposa ina iliyonse. Inu muli ndi mwayi wa ku Ntchisi, komwe soya, mtedza ndi chimanga zimatsika mtengo pokolola n'kukwera miyezi ya njala, koma anankafumbwe, chinyezi, mayendedwe ndi malamulo a boma osinthasintha pa zogulitsa kunja zimatha kudya phindu lonse, ndiye yesani ndi matumba ochepa kaye. Nthawi zambiri pa msinkhu wanu ndalama yobereka kwambiri ndi yolipirira luso lokweza malipiro, kaya maphunziro a madzulo kapena a ntchito zamanja m'makoleji a TEVETA.

Mukangoyamba kukhala ndi kangachepe, adzabwera okuuzani za magulu a pa intaneti opereka 30 pa 100 pamwezi, ena mpaka a kutchalitchi kwanu, atanyamula umboni wa ndalama zimene alandira. Oyamba amalandiradi, kuchokera m'matumba a obwera pambuyo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Funsani chilolezo cha Registrar of Financial Institutions, ndipo ngati phindu likudalira kuti mubweretse anthu ena, musalowemo.

Pali pomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Ngati wakatapila akukana kubweza khadi kapena chiphaso, akukuopsezani kapena akufuna kulanda katundu mwa mphamvu, pitani kupolisi kapena ku Legal Aid Bureau. Kubwereketsa ndalama ngati bizinezi popanda chilolezo n'kosaloledwa, ndipo khoti lili ndi mphamvu yowunikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso. Ngati mwachotsa ma app obetchera koma mwapezeka mwawabwezeretsa, mukunama kwa abale kapena mwayamba kugwira ndalama za kuntchito, limenelo ndi vuto lofuna uphungu, ndipo a Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu otere. Ndipo ngati maganizo a ngongole afika pokusowetsani tulo masiku ambiri kapena pokuganiziritsani zodzipha, uzani munthu lero lomwe, m'bale, m'busa, shehe kapena dokotala pa chipatala chapafupi. Ngongole ya K350,000 imabwezeka m'miyezi yochepa. Popita kubanki kapena ku SACCO tengani ma payslip a miyezi itatu, chiphaso cha unzika, kalata ya kuntchito ndi pepala lija mwalembapo ngongole zonse, kuphatikizapo za pafoni, kuti wokuthandizaniyo awerengere pa nambala zenizeni.